MLANDU SUOLA, NANGA BWANJI UKUFERA PA CHIPATA?

Pali chizolowezi china chimene maboma ambiri amachikonda koma safuna kuchitchula poyera. Boma limabwera kwa munthu wa bizinesi ndi kumuuza kuti ali ndi ngongole ya msonkho. Munthuyo akakana, nanena kuti mawerengedwewo ndi olakwika, boma limamuyankha mwaulemu kuti bwalo lomvera madandaulo lilipo, koma asanalowe m'bwalomo ayambe watula zina mwa ndalama zimene akuzikanazo. Akalephera, apilo yake imatayidwa kunja, woweruza asanatsegule ndi fayilo yomwe. Lero ndikufuna tikambe za m'mene chizolowezi chimenechi chayendera ku India pa nkhani ya msonkho wa ekisaizi, chifukwa anzathu kumeneko akhala akulimbana nacho kwa zaka zoposa 50, ndipo ife amene takhazikitsa kumene lamulo la bwalo lathu la ma apilo a misonkho tili ndi zambiri zoti titolepo.

Mfundo yanga ndi imodzi ndipo sindiibisa. Boma lili ndi ufulu wotolera msonkho, ndipo lingathe kupempha chikole chochepa kuti anthu achinyengo asamasewere ndi mabwalo. Koma munthu amene apilo yake yatayidwa chifukwa chosowa ndalama ya chikole sanagonje pa mlandu. Mlandu wake sunamvedwe n'komwe. Tsono khomo limene latsekedwa chifukwa cha ndalama liyenera kutsegukanso ndalamayo ikapezeka, ndiponso woweruza ayenera kukhala ndi mphamvu yokhululukira munthu amene zikuonekeratu kuti alibe poipeza. Akuluakulu anati mlandu suola. Lamulo limene limaoletsa mlandu dala pa chipata ndi lamulo lonyoza anthu ake omwe.

Tiyambe tamvana za msonkho tikunenawu. Ekisaizi ndi msonkho umene boma limadula pa katundu wopangidwa m'dziko momwemo, pa nthawi imene katunduyo akutuluka m'fakitale. Ku India lamulo lake ndi la m'chaka cha 1944, nthawi ya atsamunda, ndipo poyamba linkatchedwa Central Excises and Salt Act chifukwa linkakhudzanso mchere, mchere womwe uja Mahatma Gandhi anayendera ulendo wa ku Dandi mu 1930 pokana msonkho wake. Kuyambira pa 1 July 2017 misonkho yambiri ya dzikolo inalowa m'thumba limodzi lotchedwa GST, ndipo ekisaizi anatsala makamaka pa mafuta a galimoto ndi fodya. Koma milandu yakale sinathere pomwepo. Mu 2019 nduna ya zachuma, mayi Nirmala Sitharaman, anauza Nyumba ya Malamulo kuti ma rupee oposa 3.75 thiliyoni anali atatsekereka m'milandu ya ekisaizi ndi ya msonkho wa pa ntchito.

Tamverani m'mene mlandu wotere umayambira. Mkulu wina wa dipatimenti ya misonkho amalembera kampani kalata yoifunsa kuti ifotokoze chifukwa chimene isalipirire ndalama zakutizakuti. Amene amaweruza yankho la kampaniyo ndi mkulu wa dipatimenti yomweyo. Ngati woweruzayo ndi wa udindo wocheperapo, apilo yoyamba imapita kwa Komishonala wa ma apilo, nayenso wa dipatimenti yomweyo, ndipo wodandaula ali ndi masiku 60 okha, ndi ena 30 owonjezera ngati ali ndi chifukwa chomveka. Bwalo loyamba limene mumakhala woweruza wochokera ku ntchito ya zamalamulo ndi CESTAT, lomwe linakhazikitsidwa mu 1982 ndi dzina la CEGAT ndipo linasintha dzina mu 2003. Taonani tsono, abale anga: fisi ndiye walemba mlandu wa mbuzi, fisi mnzake ndiye wauweruza, ndipo mbuziyo ikafuna kukaonana ndi mfumu yeniyeni akuiuza kuti iyambe yasiya mwendo umodzi pa chipata.

Chipata chimenechi ndi gawo 35F la lamulo lija. Mpaka m'chaka cha 2014 gawoli linkanena kuti wochita apilo ayenera kutula msonkho wonse kapena chindapusa chonse chimene walamulidwa, apilo yake isanamvedwe. Panali kakhomo kamodzi kothawira: Komishonala wa ma apilo kapena bwalo la CESTAT linkatha kuchotsa kapena kuchepetsa chikolecho ngati laona kuti kulipira kungamuike munthuyo m'mavuto opyola muyeso. Kotero pafupifupi apilo iliyonse inkabwera ndi pempho lapadera lopempha chikhululukiro. Bwalo linkamva pempholo, n'kunena kuti tulani ndalama zakuti pofika tsiku lakuti. Tsikulo likafika ndalama palibe, apilo yonse inkatayidwa chifukwa chosamvera lamulo la bwalo. Kaya msonkhowo unawerengedwa molondola kaya ayi, funso limenelo silinkayankhidwa.

Khoti Lalikulu kwambiri la India, la Supreme, linavomereza mchitidwewu kalekale. Mu 1971, pa mlandu wa Navin Chandra Chhotelal wokhudza msonkho wa pa chipata cholowera m'dziko, linagamula kuti apilo ingathe kutayidwa ngati chikole sichinaperekedwe, ngakhale lamulo silinalembe mawu amenewo mwachindunji. Mu 1988, pa mlandu wa Vijay Prakash Mehta, linawonjezera kuti kuchita apilo si ufulu wachibadwidwe ayi, koma ndi mwayi woperekedwa ndi Nyumba ya Malamulo, ndipo amene wapereka mwayi angathenso kuikapo malire. Ine sindine loya, ndipo sukulu ya ukachenjede ndinaisiyira panjira, koma mawu amenewa ndimawamva bwino lomwe. Akutanthauza kuti boma likakumvera dandaulo lako likungokuchitira chifundo. Amene munakhalapo pansi pa boma lochitira anthu chifundo mukudziwa kuti chifundo cha boma chimatha msanga.

Sindikufuna kunamizira a mbali inayo kuti alibe mfundo. Ali nayo. Mu 1984, pa mlandu wa kampani ya matayala ya Dunlop India, khoti la Supreme linadzudzula makhoti amene ankaimitsa misonkho mwachisawawa, ndipo linati boma silingayendetsedwe ndi makalata a ku banki olonjeza kudzalipira, limafuna ndalama zenizeni m'manja. Zimenezi n'zoona. Mphunzitsi salandira malipiro kuchokera ku lonjezo, ndipo mankhwala a m'chipatala sagulidwa ndi apilo. N'zoonanso kuti alipo eni mafakitale amene amadziwa bwino kuti anazemba msonkho, koma amachita apilo kuti angotalikitsa nkhani zaka khumi, uku ndalama ya boma akuchitira bizinesi. Pa msonkho wa ekisaizi palinso chowonjezera, chakuti kawirikawiri wopanga katundu amakhala ataitolera kale ndalamayo kwa ogula kudzera pa mtengo. Munthu wotere sindikumuikira kumbuyo.

Koma mfundo imeneyi imaima pa chikhulupiriro chakuti zimene dipatimenti yalemba nthawi zambiri zimakhala zoona. Kodi ndi choncho? Lipoti la boma la India lomwelo, la Economic Survey ya 2017-18, linaonetsa kuti pa milandu ya misonkho ya mtundu umenewu dipatimenti inkapambana pa milandu 12 yokha mwa milandu 100 iliyonse ku CESTAT. Werenganinso bwino. Si achipani chotsutsa amene ananena zimenezi, ndi unduna wa zachuma weniweniwo. Ngati mlenje akuphonya nthawi zambiri chotere, n'chifukwa chiyani tikuti nyama iyambe yalowa yokha mu mphika? Mkulu wa misonkho amene akufuna kukondweretsa abwana ake sataya kanthu akalemba ngongole yokokomeza. Wotaya ndi uja amene ayenera kukakongola ku banki kuti agule mwayi wotsimikizira dziko kuti alibe ngongole.

Makhoti ena anayesa kuikapo umunthu. Mu 2006, pa mlandu wa Benara Valves, khoti la Supreme linati ngati pongoyang'ana koyamba zikuoneka kuti ngongole imene yalembedwa ilibe miyendo yoimirapo, sibwino kukakamiza munthu kulipira yonse kapena gawo lalikulu. Koma dipatimenti inali ndi njira zake. Pa 1 January 2013 likulu lake linatulutsa kalata youza antchito ake kuti ayambe kutolera ndalama mokakamiza pakatha masiku 30 chiperekereni apilo, ngati bwalo silinapereke chiletso. Tangoganizani: munthu wapereka pempho lake m'nthawi yake, bwalo silinakhale chifukwa oweruza ndi ochepa, koma wolangidwa ndi iyeyo. Khoti Lalikulu la Bombay, pa mlandu wa Larsen & Toubro chaka chomwecho, linati kumeneko n'kuchita zinthu mosalabadira chilungamo ngati wochedwetsa nkhani si wodandaulayo. Panafunika kampani yaikulu chotere kuti chinthu chodziwikiratu chinenedwe.

Tsopano tifike pa mtima pa nkhani, pa kudzutsa apilo imene yatayidwa. Malamulo oyendetsera bwalo la CESTAT, a m'chaka cha 1982, ali ndi ndime 20 imene imati ngati apilo yatayidwa chifukwa wodandaula sanabwere pa tsiku la mlandu, angathe kudzafotokoza chimene chinamulepheretsa ndipo bwalo lidzaibwezera apiloyo pa mndandanda. Koma za munthu amene apilo yake yatayidwa chifukwa chosowa chikole, ndimeyo siinenapo kanthu. Olemba malamulo anakumbukira munthu amene wachedwa ndi sitima, koma anaiwala munthu amene wachedwa ndi umphawi. Chifukwa cha kusowa kwa mawu amenewo, oweruza ena a bwaloli ankabweza anthu amene abwera ndi lisiti m'manja, n'kumati ife tinagamula kale, ntchito yathu pa fayilo imeneyi inatha. Munthu wagulitsa makina, wapinyolitsa nyumba, ndalama wapereka, koma khomo ndi lotseka ndithu.

Anadzutsa khomolo ndi makhoti a pamwamba. Khoti Lalikulu la Gujarat, pa mlandu wa Hussein Haji Harun umene unalowa m'mabuku a malamulo mu 1995, linanena kuti kusapezeka kwa ndime yolola kudzutsa apilo yotere sikutanthauza kuti bwalo lilibe mphamvuyo, pakuti kutaya apilo chifukwa cha chikole si chigamulo cha mlandu weniweniwo. Mu 1996 khoti la Supreme, pa mlandu wa J.K. Synthetics, pamene loya wa kampaniyo anafika mochedwa n'kupeza nkhani itagamulidwa iye kulibe, linakumbutsa bwaloli kuti ndime 41 ya malamulo ake omwe imalipatsa mphamvu yochita chilichonse chofunika kuti chilungamo chichitike, kuphatikizapo kubweza chigamulo chotere. Zigamulo zimenezi n'zabwino, koma onani mtengo wake. Ufulu umene unayenera kulembedwa m'mzere umodzi wa lamulo, anthu anachita kukaukumba ndi maloya ku makhoti akuluakulu, aliyense payekha, ndi ndalama zake.

Mu November 2014 khoti la Supreme linapita patsogolo. Pa mlandu wa Balaji Steel Re-rolling Mills linagamula kuti bwalo la CESTAT lilibe mphamvu yotaya apilo chifukwa chongoti wodandaula sanabwere. Ngakhale mwini nkhani kulibe, bwalo liyenera kuwerenga fayilo ndi kugamula motsata mfundo zake. Ndikuwomba m'manja. Koma ikani chigamulo chimenechi pambali pa gawo 35F ndipo muone chodabwitsa. Munthu amene ali ndi ndalama ya chikole koma sanabwere ku bwalo, mlandu wake uwerengedwa mpaka kumapeto. Munthu amene wabwera m'mawa, wakhala pa benchi tsiku lonse mapepala ali m'manja, koma alibe chikole, fayilo yake sitsegulidwa. Kodi chilungamo chotere chikuyang'ana nkhope ya mlandu kapena kukula kwa thumba?

Chaka chomwecho cha 2014 boma la India, nduna ya zachuma ili Arun Jaitley, linasintha gawo 35F. Kuyambira pa 6 August 2014 wochita apilo yoyamba amatula 7.5 peresenti ya msonkho umene akuukana, ndipo pa apilo yachiwiri chikole chimafika 10 peresenti. Ngati mkangano uli pa chindapusa chokha, chikole chimawerengedwa pa chindapusacho. Analamulanso kuti chikole chisapitirire ma rupee 100 miliyoni, ndipo dipatimenti inalengeza kuti munthu akatula chikole chimenechi, ndalama yotsalayo siitoleredwa mokakamiza mpaka apilo itatha. Zabwino tizinena. Kutula 7.5 peresenti n'kopepuka kusiyana ndi kutula yonse, ndipo oweruza anamasuka ku mulu wa mapempho a chikhululukiro amene ankawadyera nthawi yomvera milandu yeniyeni.

Koma pochotsa mulu wa mapempho anachotsanso chifundo chimene chinali m'lamulo. Gawo latsopanoli limangoti apilo isalandiridwe ngati chikole sichinaperekedwe, ndipo bwalo lilibenso mphamvu yokhululukira wina aliyense, kaya ngongoleyo ndi yabodza loonekeratu, kaya fakitale inapsa ndi moto. Ndiye taonani masamu a malire aja. Kampani yaing'ono imene yalembedwa ngongole ya ma rupee 5 miliyoni iyenera kupeza 375,000 isanalankhule, yomwe ndi 7.5 peresenti yathunthu. Kampani yaikulu imene yalembedwa ma rupee 10 biliyoni imatula 100 miliyoni basi, yomwe ndi 1 peresenti yokha. Denga limene anaika limateteza njovu ku mvula, pamene kalulu akunyowa panja. Lamulo linaganizira kuti wolemera asalemedwe kwambiri, koma silinaike pansi pake malire oti wosauka asamire.

Musaganize kuti okhudzidwa ndi eni mafakitale okha. Malamulo a ekisaizi amalola kulipitsa chindapusa munthu aliyense amene wanyamula, wasunga kapena wagulitsa katundu akudziwa kuti ngwoyenera kulandidwa, ndipo m'gulu limeneli mumagwera madalaivala a malole ndi makalaliki. Ku lamulo la kasitomu, limene lili ndi gawo lofanana ndi 35F, nkhani ndi yomweyo. Mu 2023 Khoti Lalikulu la Delhi linamva dandaulo la anthu osauka ochokera ku dera la Assam, ogwira maganyu, amene anagwidwa ndi mitengo yonunkhira ya agarwood ndi kulipitsidwa zindapusa zimene ngakhale 7.5 peresenti yake sakanaikwanitsa. Khotilo linawakhululukira chikole pogwiritsa ntchito mphamvu za gawo 226 la malamulo oyendetsera dziko. Anthu amenewa anapulumuka. Koma ndi aganyu angati amene angafike ku Khoti Lalikulu la Delhi? Ndiponso makhoti akuluakulu omwewo samvana chimodzi, ena amati alibe mphamvu yochotsa chimene Nyumba ya Malamulo inalamula.

Amene anayesa kugwetsa lamulo latsopanoli analephera. Khoti Lalikulu la Allahabad mu 2015 linati silikutsutsana ndi malamulo oyendetsera dziko, ndipo mu 2022 khoti la Supreme, pa mlandu wa kasitomu, linati apilo yoperekedwa pambuyo pa August 2014 iyenera kutsata dongosolo latsopano ngakhale nkhani yake inayamba kale. Panalinso chisokonezo china. Mu 2017 oweruza a CESTAT anagamula kuti 10 peresenti ya apilo yachiwiri ndi yowonjezera pamwamba pa 7.5 yoyamba ija, kutanthauza 17.5 yonse pamodzi. Mu 2018 Khoti Lalikulu la Delhi, pa mlandu wa Santani Sales Organisation, linati ayi, yonse pamodzi ndi 10 basi. Pakati pa zigamulo ziwirizi anthu ankafunsidwa ndalama imene lamulo silinafune. Ngati oweruza enieniwo amasokonezeka powerenga mtengo wa pa chipata, n'chifukwa chiyani munthu wamba akalakwitsa kapena akachedwa chilango chake chikhale imfa ya mlandu wake?

Pali kanthu kena kamene kamaulula mtima wa dongosololi. Munthu akapambana apilo, chikole chake chimabwezedwa ndi chiongoladzanja cha 6 peresenti pa chaka. Koma munthu akachedwa kulipira ekisaizi, boma limamudula chiongoladzanja cha 15 peresenti kuyambira mu 2016, ndipo kale chinali 18. Ndalama ya boma ikagona kwa iwe ndi yodula, yako ikagona ku boma ndi yotchipa. Wa bizinesi amene anakongola chikolecho ku banki pa chiongoladzanja chokwera amatuluka m'bwalo atapambana mlandu koma atataya ndalama. Mkulu amene analemba ngongole yabodzayo sataya ngakhale tambala.

Chondipweteka kwambiri n'chakuti khoti la Supreme lomwelo limadziwa kuti chikole chingathe kupha ufulu. Mu 2004, pa mlandu wa Mardia Chemicals, linathetsa ndime ya lamulo la ngongole za ku banki imene inkafuna kuti wokongola atule 75 peresenti ya ngongole asanakadandaule ku bwalo za kulandidwa kwa katundu wake. Linati chimenecho n'chitsenderezo, ndipo mwayi wodandaula wotere ndi wongopeka. Maloya amasiyanitsa nkhaniyi ndi ya misonkho ponena kuti kumeneko kunali kumvedwa koyamba, pamene kuno ndi apilo, munthu anamvedwa kale. Anamvedwa ndi yani? Ndi dipatimenti yomwe ikumufuna ndalama. Pa mapepala CESTAT ndi bwalo la apilo, koma m'moyo weniweni ndi malo oyamba pamene munthu amakumana ndi woweruza amene sali pansi pa wotolera msonkho. Kuika mtengo pa khomo limenelo n'kuika mtengo pa kumvedwa koyamba.

Msonkho watsopano wa GST unatengera chizolowezi chomwechi. Apilo yoyamba imafuna 10 peresenti, ndipo yopita ku bwalo inkafuna ina 20 pamwamba pake mpaka pamene anaichepetsa kufika pa 10 mu November 2024. Koma chodabwitsa n'chakuti bwalo la ma apilo a GST linakhazikitsidwa mwamwambo mu September 2025, patatha zaka 8 msonkhowo utayamba kutoleredwa. Mu July 2024 dipatimenti inatulutsa kalata yolangiza anthu kuti amene akufuna kuti asalandidwe ndalama mokakamiza atule chikole ndi kulonjeza kuti adzachita apilo bwalo likadzayamba ntchito. Mwamva? Chikole chinali kulandiridwa, bwalo lake kulibe. Wotolera ndalama wa pa chipata anafika pa ntchito zaka zambiri omanga nyumba asanafike.

Ife a kuno sitiri achilendo ndi nkhani yolipira pa bwalo. Kumudzi munthu wokasuma kwa amfumu amapereka chabwalo, kaya nkhuku kaya ndalama pang'ono, posonyeza kuti sanabwere kudzaseweretsa akuluakulu. Koma chabwalo sichiwerengedwa potengera kukula kwa bodza limene mnzako wakunamizira. Munthu akakunamizira kuti unaba ng'ombe khumi, amfumu sanena kuti yamba wabweretsa ng'ombe imodzi kuti tikumve. Ndipo wamasiye akafika chimanjamanja, mfumu yanzeru imati khalani pansi mayi, fotokozani, za nkhuku tidzaona. Makolo athu, amene sanapite ku sukulu ya malamulo, anadziwa kuti cholinga cha bwalo ndi kumva mlandu, osati kudyera pa chipata.

Tsono wina afunsa kuti za ku India zikutikhudza bwanji. Zikutikhudza chifukwa malamulo athu ndi awo anachokera kwa mbuye mmodzi, ndipo mfundo yakuti lipira kaye udandaule pambuyo aliyense amene anakanganapo ndi otolera misonkho kuno amaidziwa. Inu amene munabwerako ku ukapolo wa ndale mukukumbukira lamulo la Forfeiture Act la 1966, limene linkalola boma kulanda katundu wa munthu popanda khoti kufunsa chifukwa. Sindikunena kuti chikole cha msonkho n'chimodzimodzi ndi nkhanza imeneyo. Ndikunena kuti tinaphunzira movutika kuti boma likayamba kutenga lisanamve, silidziwa polekezera. N'chifukwa chake malamulo oyendetsera dziko lathu a 1994 ali ndi gawo 41, lopatsa munthu aliyense ufulu wokafika ku bwalo kuti nkhani yake igamulidwe, ndi gawo 43, lofuna kuti akuluakulu a boma achite zinthu mwachilungamo ndi kupereka zifukwa polemba. Mu 2021 Nyumba ya Malamulo yathu inakhazikitsa Tax Administration Act ndi Revenue Appeals Tribunal Act. Malamulo amenewa tiyenera kuwayeza ndi magawo awiri aja, osati ndi njala ya thumba la boma.

Amene munakhala ku South Africa mukudziwa kuti njira ina ilipo. Mu 2000, pa mlandu wa Metcash Trading, khoti loona za malamulo oyendetsera dziko kumeneko linavomereza mfundo yoti msonkho ulipiridwe mkangano uli mkati, koma linatsindika kuti makhoti sanatsekedwe, ndipo mkulu wa misonkho akakana kuimitsa kutolerako khoti lingathe kuunika chiganizo chakecho. Pambuyo pake gawo 164 la lamulo lawo la 2011 linalemba poyera zinthu zimene mkuluyo ayenera kuganizira, kuphatikizapo ngati kulipira kungamugwetsere munthu m'mavuto osakonzeka. Dongosolo limeneli lili ndi zofooka zake, koma lili ndi munthu woti umudandaulire ndi khoti loti limuyang'anire. Ku India kuyambira 2014 bwalo linachotsedwa mphamvu imeneyo.

Zimene ndikupempha aphungu athu, a Malawi Revenue Authority ndi onse amene adzakhale pa bwalo la ma apilo a misonkho n'zosavuta. Ngati pakhala chikole, chikhale chochepa ndi chodziwika, ndipo wa bizinesi yaing'ono akhale ndi malire ake omuteteza. Bwalo lenilenilo, osati wotolera msonkho, likhale ndi mphamvu yokhululukira wosowa ndi yoimitsa ngongole yoonekeratu kuti ndi yopeka. Lamulo linene mwachindunji kuti apilo yotayidwa chifukwa cha chikole idzadzutsidwa munthu akalipira kapena akafotokoza chomveka, kuti tisadzatayenso zaka zambiri kufunafuna ufulu umenewu m'makhoti monga anachitira anzathu. Munthu akapambana, ndalama yake ibwezedwe msanga ndi chiongoladzanja chofanana ndi chimene boma limadula. Ndipo chaka chilichonse otolera misonkho azilengeza milandu imene apambana ndi imene agonja, kuti tidziwe ngati makalata awo ali oyenera kuopedwa.

Mwina mukuti nkhani imeneyi ndi ya eni mafakitale, inu siikukukhudzani. Ganizani kawiri. Mayi amene amaoda katundu kudzera pa Mwanza kapena pa Songwe, mnyamata amene waitanitsa galimoto yoti aziyendetsa takisi, bambo amene watsegula kafakitale ka zakumwa ku Kanengo kapena ku Makata, onsewa tsiku lina angathe kulandira kalata yokhala ndi nambala imene sakugwirizana nayo. Kafakitale kakatsekedwa chifukwa mwini wake walephera kugula mwayi wodziteteza, oyamba kugona ndi njala ndi antchito ake. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Demokalase si kuponya voti kokha pa zaka 5 zilizonse. Imaonekanso tsiku limene munthu wamba waima pamaso pa boma lake nanena kuti mwalakwitsa, ndipo boma likukakamizika kukhala pansi ndi kumvetsera. Ku India, dziko la mavoti ambiri kuposa lina lililonse, makhoti anachita kulimbana zaka zambiri kuti munthu wochedwa ndi chikole aloledwe kugogodanso pa khomo, ndipo wosowa kotheratu akudalirabe mwayi wofika ku Khoti Lalikulu. Ife tisadikire kuti zimenezi zitigwere kaye. Aphungu athu awerenge malamulo a 2021 aja mzere ndi mzere, ndipo pamene apeza kuti mlandu wa munthu ungafe usanamvedwe chifukwa cha ndalama, akonze pomwepo.